Diso la Ataa Sowah

Ataa Sowah ndawadziwa kuyambira ndili mtsikana, chifukwa nyumba yathu ndi yawo ku Teshie, dera la asodzi mu Accra, zimalekanitsidwa ndi ngalande yokha. Tsopano ndakalamba, aliyense amangonditchula kuti Awo, ndipo ndimagulitsa mazira owiritsa ndi tsabola m'paki ya masewera, pafupi ndi geti la Bwato. Bwatolo ndi chikatungwe chachitsulo chonyamula anthu makumi atatu, chomwe chimawaponya uku ndi uku m'mwamba mpaka matumbo afike kukhosi. Anthu anzeru zawo amalipira kuti akachitidwe zimenezi. Ine sindinakwerepo ndipo sindidzakwera, koma lamulo lake ndimalidziwa kuposa bwana wa pakiyo: mwana amene mutu wake sunafike pa mzere wofiira wa pa chikwangwani, masentimita 120, sakwera. Amene wakhala akulondera mzere umenewo kwa zaka zisanu ndi zinayi ndi Ataa Sowah.

Asanabwere kuno anali kalipentala wa mabokosi a maliro. Msodzi ankamupangira bokosi looneka ngati nsomba, dalaivala looneka ngati galimoto, ndipo osauka ankawapangira wamba koma losalala bwino lomwe. Tepi yoyezera anali nayo, koma inkangokhala pa msomali mpaka inachita dzimbiri. Akaitanidwa pa maliro ankaima pakhomo la chipinda, kuyang'ana malemuyo kamodzi kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kubwerera kukadula matabwa. Bokosi linkakwana ndendende. Asodzi akakumana nawo panjira ankakuwa kuti, "Ataa, yang'anani kumbali, ine sindinakwatire!" Iwo ankangomwetulira n'kuyankha kuti, "Iwe usade nkhawa, matabwa a mimba yakoyo sanafike."

Akazi awo anamwalira kalekale, n'kuwasiyira mwana mmodzi yekha, Atswei, amene anakula n'kukhala katswiri woluka tsitsi. Atswei atakwatiwa anapitiriza kukhala pakhomo pa bambo ake, ndipo mwana wake woyamba, Laryea, anakulira m'zipalo za matabwa. Kamwanako kankatsatira agogo ake paliponse, pensulo ili kukhutu ngati iwowo. Ali ndi zaka zisanu anadwala malungo aakulu aja ofika m'mutu, n'kugonekedwa m'chipatala.

Tsiku lachiwiri Ataa anapita kukamuona. Anaima kumapazi kwa bedi, anayang'ana, n'kubwerera kunyumba. Masana a tsiku lomwelo Atswei anathamangira kunyumba kudzatenga nsalu zina ndi phala. Ali pakhomo anamva chopalira matabwa chikulira kuseri. Anazungulira, n'kupeza bambo ake ataweramira kabokosi kakang'ono ka matabwa a mtengo wa wawa, kotsala chivundikiro chokha. Mwana wake anali akupumabe kuchipatala.

Kukuwa kwake ndinakumva ndili tsidya lino la ngalande, ndipo mpaka lero ndikakumbuka thupi limachita tsembwe. Laryea anamwalira m'mawa mwake. Atswei anakana bokosi la bambo ake kwamtuwagalu. Anakagula lina ku Nungua, lalitali mopitirira, lokhala ndi mipata yoti chala n'kulowa, ndipo mwanayo anaikidwa m'menemo Ataa ali chiimire kumbuyo kwa anthu onse. Kabokosi kawo aja anakaphwasula n'kundipatsa matabwawo kuti ndikolezere moto wa mazira. Sindinakolezere. Adakali kuseri kwa nyumba yanga, chiswe chikudya.

Ndinawafunsa, chifukwa ine pakamwa panga sipatsekeka. "Ataa, munaganiza chiyani? Simukanadikira tsiku limodzi lokha?"

"Awo, ndinaona," anatero. "Nditaona ndinasowa pokhala. Ena akasowa pokhala amapemphera, ine manja angawa amangodziwa kupala. Ndiye ndinati mdzukulu wanga asagone m'bokosi lopangidwa mothamanga."

Ndinawamvetsa, koma sindinawakhululukire msanga, nanga kuli bwanji mayi wa mwana. Atswei anali ndi pakati pa nthawiyo. Analongedza katundu n'kusamukira ku Ashaiman ndi mwamuna wake. Atabereka mwana wamkazi, Ayorkor, tsiku lomutulutsa panja ndi kumupatsa dzina anaitana Teshie yense kupatula bambo ake. Uthenga umene anawatumizira unali waufupi: diso lawo linayeza mwana wake mmodzi ali moyo, lisadzagwere pa wachiwiriyu.

Ataa anakhoma shedi yawo ya ukalipentala osadzaitsegulanso. Anakhala miyezi ali chikhalire pakhonde. Ndine amene ndinawakokera kuno, nditamva kuti bwana wa paki akufuna munthu wa imvi woti azimayi sangamuopseze pa geti la Bwato. Sabata yoyamba anakwera m'Bwatomo lisanayambe kuyenda, anatsitsa chitsulo chotchinga pantchafu chija, n'kuyang'anitsitsa mpata wotsala pakati pa chitsulocho ndi mpando. Atatsika anandiuza kuti mzere wofiirawo sanaujambule mwamasewera. Mwana wochepa, Bwato likafika pamwamba penipeni, akhoza kupulumukira pansi pa chitsulocho.

Kuyambira pamenepo makolo a mu Accra anakumana ndi mnzawo. Inu simudziwa zimene makolo amachita kuti mwana atalike pa tsiku limodzi. Amamuveka nsapato za mkulu wake atazipakira manyuzipepala. Amamuphunzitsa kunyang'ama ndi kukoka khosi. Koma chinyengo chachikulu ndi tsitsi: amalimanga ndi ulusi wakuda n'kuliimika njo m'mwamba ngati nyanga, mwana n'kuoneka wamtali ndi chikhatho chathunthu. Ataa anadzipalira kathabwa kosalala. Amakaika pamutu pa mwana mofatsa, kukanikiza tsitsi mpaka kafike pa chigaza, n'kuona pamene kagunda pa chikwangwani. Kunena zoona kathabwako n'kongokhutiritsa makolo, chifukwa iwo amakhala atadziwa kale mwanayo adakali kumapeto kwa laini.

"Ataa, mwanayu ndi wamtali, kungoti lero sanadye," amatero amayi ena.

"Kamudyetseni, mubwere naye pa Khirisimasi."

"Mdala iwe, ukundidziwa kuti ndine ndani?" amatero abambo a mimba zawo.

"Inuyo mwafika pa mzere, bwana, kwerani. Kamwanaka kadikire pa mazira apo."

Atukwanidwa m'zilankhulo zonse za dziko lino, ndipo tsiku lina mayi wina anawathira madzi a m'pepala kumaso. Sanasunthe. Komabe ntchitoyi inawabwezeretsa nyama m'thupi. Mwana aliyense amene amubweza amamukumbuka, ndipo akabweranso patatha chaka amamulonjera ngati mlendo wolemekezeka. Tsiku lina tikudya kenke, nsima yathu yowawasa ija, masana anandiuza kuti, "Awo, zaka makumi atatu amene ndamuyeza sankabweranso. Awa amabwera, ndiponso amabwera atatalika." Anatero akuseka, koma ine ndinadziwa mwana amene ankamuyembekezera pa geti limenelo.

Apa ndiye pamene ndinalakwa ine. Patadutsa zaka zisanu ndi ziwiri ndinatopa kuona munthu wamkulu akuyang'ana nkhope ya kamtsikana kalikonse pa laini. Mphunzitsi wa Sande sukulu ku tchalitchi cha Atswei ndi msuweni wanga, choncho ndinamunong'oneza kuti pa Lolemba la Pasaka abweretse ana kuno. Ndinkati magazi akaonana maso ndi maso adzafewa okha. Ndinadziona wochenjera kwambiri.

Anabwera pa minibasi ziwiri, onse atavala malaya achikasu. Dzuwa linali loswa mtengo, paki yadzaza, nyimbo zikuphokosera mbali zonse. Atswei ndinamuona ali pakati pa laini, wanenepa pang'ono, atagwira dzanja kamtsikana kowonda ka maso akuluakulu. Tsitsi la kamtsikanako linali ntchito ya katswiri, nsanja zisanu za ulusi zoima chilili. Atswei anazindikira bambo ake atatsala anthu atatu kuti afike pa geti. Anafuna kubwerera, koma kumbuyo kunali kothithikana, ndipo mwana anali akudumphadumpha kuloza Bwato.

Ataa anali atawaona kalekale.

"Atswei, mwana wanga, wabwera," anatero.

Ayorkor, amene sankadziwa kuti mkuluyu ndi ndani, anathamangira yekha pa chikwangwani n'kuima mowongoka. "Ataa, ndiime chonchi?" anafunsa, monga mmene mwana aliyense amaitanira munthu wa imvi. Nsonga za tsitsi lake zinadutsa mzere wofiira bwinobwino.

"Thabwa lanulo lisafike pamutu pake," anatero Atswei. "Musamukhudze."

Ataa anatsitsa kathabwako. Anthu a pa laini anayamba kudandaula kuti akuchedwa. Ine ndinakuwa ndili pa tebulo langa kuti, "Ataa, tsitsi ladutsa, mulekeni mwana akwere!" Ndinkafuna kuti tsiku limodzi lokha m'moyo wawo akhale wakhungu.

Kenako Atswei anayandikira, n'kulankhula motsitsa mawu, koma ine makutu anga ndi akuthwa. "Mwanayu sabata yonse sanagone chifukwa cha Bwatoli. Tsegulani geti basi, osayang'ana. Mukatero, akatsika ndimuuza kuti ndinu ndani."

Zaka zisanu ndi ziwiri munthu akudikira mawu amenewo, ndipo anangotsala ndi kukoka kachitsulo ka geti. Dzanja lawo linafika pa kachitsuloko, ndinaliona ndi maso angawa. Linakhala pamenepo nthawi yoti munthu n'kusenda dzira. Kenako linachoka.

"Sanafike," anatero. "Kwatsala zala ziwiri."

"Simunamuyeze n'komwe!"

"Sanafike, Atswei."

Nkhope ya Atswei inasintha. Sinali ya mkwiyo ayi, inali ya mantha. "Ndiye kuti mwamuyeza kale," anatero. "Ndi diso lomwe lija." Anavula mpango wake n'kumufunditsa mwanayo kumutu, kumunyamula ngakhale anali wamkulu, n'kudzipanikiza m'chigulu cha anthu. Ayorkor ankalira akuponya miyendo, ndipo mawu ake anamveka pamwamba pa nyimbo zonse: "Mdala woipa! Mdala woipa iwe!"

Ataa anatembenukira kwa mwana wotsatira n'kumuika kathabwa pamutu. Anagwira ntchito mpaka laini inatha. Atabwera kudzakhala pa benchi langa ndinawakalipira mosasamala zaka zawo. Ndinawauza kuti ndi ouma mutu, kuti zala ziwiri si kanthu, kuti ana angati amakwera m'mapaki ena popanda wowayeza ndipo amatsika amoyo. Ndinawauza kuti ataya mdzukulu chifukwa cha penti wofiira.

Anandilola ndimalize. Kenako anati, "Awo, bokosi la mdzukulu ndinapanga kamodzi. Landikwana."

Ndinatseka pakamwa, chinthu chimene sichichitikachitika. Koma musaganize kuti ndinagwirizana nawo. Mpaka lero masiku ena ndimati analondola, masiku ena ndimati akanangotsegula n'kukhala naye pambali m'Bwatomo atamugwira. Chimene ndikudziwa n'chakuti ine ndi amene ndinabweretsa tsiku limenelo, ndipo chimandiwawa.

Kuchokera pamenepo nyama ija inayambanso kuchoka m'thupi mwawo. Nthabwala za pa geti zinachepa. Kenke ankadya theka, lina n'kupatsa Fuseini, bambo wa kumpoto amene amasinthana nawo pa geti. Tsiku lina mphepo inagwetsa chikwangwani, ndipo pochidzutsa ndinaona kumbuyo kwake timizere ta pensulo, tina pamwamba pa tinzake, tili ndi mwezi wake pambali. Kamzere kapansi kanali zala ziwiri kuchokera pamene pali mzere wofiira.

"Ataa, ichi n'chiyani?"

Anachita manyazi ngati ndawapeza akuba. "Amayi ake anali choncho," anatero. "Anachedwa kukula, kenako pa zaka zisanu ndi zitatu anangothamanga. Ndikungoyerekeza."

Anali kumukulitsa Ayorkor pa thabwa, miyezi itatu iliyonse kamzere kamodzi, osamuona. Pa Khirisimasi yapitayi kamzere ka pensulo kanadutsa wofiira. Kuyambira tsiku limenelo, pa holide iliyonse ankabwera atavala malaya oyera ositidwa, tsitsi atameta, ngati akupita kukafunsira mbeta. Chaka Chatsopano chinadutsa. Tsiku la ufulu wa dziko linadutsa. Ine ndinkangoyang'ana malayawo.

Lolemba la Pasaka la chaka chino, cha m'ma leveni koloko, ndinadzutsa mutu n'kupeza Atswei ataima pa tebulo langa yekha. Mwana anamusiya ndi anzake kuseri kwa malo ogulitsira ayisikilimu.

"Awo, mwadzuka bwanji? Ndabwera ndi pempho," anatero. "Ayorkor sanaiwale Bwatoli, zaka ziwiri akundivutitsa. Kawauzeni achoke pa geti, wina ayeze. Ndipo asamuyang'ane."

Ndinaphulika. "Iwe Atswei, ndinakusambitsa ine ndi manja awa! Bambo ako atha ngati nsomba youma chifukwa cha iwe. Anakana tsiku lija kuti mwana wako asagwe, sukuona? Diso limapha munthu? Malungo ndi amene anatenga Laryea!"

"Ndikudziwa, Awo," anatero, misozi ili m'maso. "M'mutu ndikudziwa. Koma inu simunaime pakhomo paja n'kumva chopalira chikulira mwana wanu akupuma. Akamuyang'ana Ayorkor ine ndimamva phokoso limenelo. Ndayesetsa, ndapemphera, sizikuchoka. Ndatsala ndi mmodzi yekhayu."

Ndinapukuta m'manja n'kupita pa geti, ndipo sindinayendepo ulendo wautali ngati masitepe khumi amenewo. Ataa anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anayang'ana malaya awo oyera, n'kuitana Fuseini, kumupatsa kathabwa. "Ukanikize tsitsi mpaka pa chigaza," anamuuza. "Usachite naye chisoni." Kenako anabwera pa benchi langa n'kukhala chofulatira, nkhope italoza ku mpanda wa malata.

Ine ndinakhala maso awo. Ndinawauza kuti wafika pa chikwangwani, wavala diresi lobiriwira, tsitsi lero angoliluka logona. Ndinawauza kuti Fuseini waika kathabwa.

"Wadutsa?"

"Wadutsa."

"Ndi zala zitatu."

Ndinayang'anitsitsa. Zinalidi zitatu, ndipo ndinawauza. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

Bwato linayamba kuyenda, kulira kwa zitsulo kuja, kenako kukuwa kwa ana. Ataa anagwira m'mphepete mwa benchi ndi manja onse awiri. "Chitsulo chamugwira bwino? Taonetsetsani, Awo." Ndinati chamugwira, palibe mpata. "Akulira kapena akuseka?" Ndinati akuseka, pakamwa ponse pali pululu, manja waponya m'mwamba amayi ake akumukalipira ali pansi. Anaseka nawo pang'ono, mapewa akugwedezeka, maso ali pa malata.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikuti tsikulo linapita bwino. Koma Bwato litaima, Ayorkor anatsika ali dzandidzandi, n'kuthamangira fungo la tsabola amayi ake asanamugwire. Anafika pa tebulo langa akupuma mwa wefuwefu kuti akufuna dzira. Anaima pafupi ndi agogo ake moti akanatambasula dzanja akanamukhudza. Ataa anamva mapazi ake, n'kutsinzina mwamphamvu.

Mwanayo anasuzumira nkhope yawo, ndipo anawakumbuka. "Eee, ndi mdala uja anandikaniza!" anatero, koma mosangalala, mkwiyo wa ana sukhalitsa. "Ataa, ndakwera lero! Taonani mmene ndatalikira. Taonani!"

Atswei anali ataima poteropo, dzanja lili pakamwa. Ine dzira linandigwa m'manja.

"Ataa, tsegulani maso! Mukugona masana?" Anawakoka malaya oyera aja.

"M'maso mwalowa tsabola wa Awo," anatero iwo. "Koma ndamva, mayi wanga. Mawu ako akuchokera m'mwamba. Watalikadi."

"Chaka chamawa ndidzakuposani!"

"Udzandipose. Uzidya kwambiri."

Atswei anabwera n'kumugwira dzanja mwanayo. Anaima kanthawi akuyang'ana msana wa bambo ake, mafupa akuonekera m'malaya. Milomo yake inasuntha, ndipo ine ndinasiya kupuma kudikira mawu amodzi okha. Sanatuluke. Analipira dzira n'kutembenuka, mwana akubayibitsa ndi dzanja lina kwa munthu amene sankamuona.

Ndinawatsatira ndi maso mpaka anatuluka pa geti lalikulu n'kukwera minibasi. Kenako ndinati, "Ataa, apita. Tsegulani maso."

"Dikirani kaye, Awo," anatero. "Mwina abwerera, mwanayo waiwala tsabola."

Tsabolayo analidi pa tebulo, m'kapepala kake. Fuseini anali akuitana kuti laini yatalika, ana ena akulira kale. Ataa anakhalabe chomwecho, chofulatira, maso ali chitsinzinire, misozi ikutsikira m'malaya oyera. Ndinakhala nawo pambali mpaka minibasi ija inakhota pa msewu wa ku Ashaiman.